Njala sipita kutchuthi



Sukulu zikatsekera, ife akukoleji timangoganiza zopuma. Koma m'dziko muno muli ana ambirimbiri amene kwa iwo tchuthi ndi kusiyana ndi kapu ya phala. Bungwe la Mary's Meals, lomwe lidayamba ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002, limadyetsa ana oposa miliyoni imodzi tsiku lililonse lasukulu. Nanga tsiku lomwe belu silinalire, mwana uja amadya kuti?

Tchuthi cha Ogasiti chimatipeza nkhokwe zili ndi kanthu. Chowawa ndi cha Disembala: chimanga chatha, makolo ali pa ganyu m'minda ya eni, mwana akungodalira mango.

Ku madrassa tonse tidaloweza Surah Al-Ma'un, ndipo ambirife timaikonda pa Swala poti ndi yaifupi. Koma tanthauzo lake ndi lolemera, abale. Allah akuika munthu wosalimbikitsa kudyetsa osauka m'gulu la otsutsa tsiku lamalipiro. Taonani, sakudzudzula womana yekha ayi, komanso amene wangokhala chete. Ine wophunzira ndilibe munda, koma pakamwa ndili napo.

Ndiye ndikulankhula. Kuno ku Ludzi, monga m'madera ambiri a Mchinji, timalima chimanga, soya ndi mtedza. Likuni phala ndi chimanga chomwecho ndi soya wokazinga, kukagayitsa pamodzi basi. Chipembedzo chathunso chidaika kale muyeso: zokolola za mvula zikafika makilogalamu pafupifupi 650, ngati matumba 13, Zakaat yake ndi thumba limodzi pa khumi alionse. Tiwakumbutse makolo athu nthawi yokolola, mavenda asanafike ndi sikelo zawo, kuti gawo limeneli ndi la osauka.

Pamwamba pa Zakaat, tisonkhe Sadaka, aliyense kambale kake ka chimanga kapena soya. Tisunge bwino pamzikiti, ndipo Disembala akafika ife achinyamata titole nkhuni, titunge madzi, tiphike phala pa madrassa m'mawa. Mwana wa mnansi wathu wachikhristu akabwera ndi kapu yake, timuthirire. Njala sifunsa kuti umapemphera kuti.

Nkhaniyi tikaitule kwa a Sheikh Lachisanu lino ikatha Jumu'ah, Insha Allah. Allah aike madalitso pa zochepa zathuzo, ndipo asatifunse za mwana amene adagona ndi njala ife titakhuta. Ameen.