Kodi Mumlengalenga Muli Mwini?

Pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, mzere wongoganizira umene umagawa dziko pakati, pali mpita umodzi wokha umene setilaiti imayenda mofanana ndi mmene dziko limazungulirira, kotero kuti kwa munthu amene ali pansi imaoneka ngati yaima, ndipo dishi yolandirira uthenga siifunika kutembenuzidwa. Arthur C. Clarke analemba mu 1945 kuti masetilaiti atatu okha oikidwa mumpitawu angafikitse uthenga pafupifupi padziko lonse. Koma masetilaiti ogwiritsa ntchito mafunde a wailesi ofanana akayandikana kwambiri amasokonezana, choncho malo ake ndi owerengeka, ndipo funso limabuka lakuti chinthu chimene palibe munthu anachipanga chiyenera kukhala cha yani.

Pangano la mayiko la 1967 limaletsa dziko lililonse kutenga gawo la mlengalenga kukhala lake. Komabe ku bungwe la International Telecommunication Union, limene limalemba malowa m'kaundula ku Geneva, kawirikawiri woyamba kulembetsa ndiye amatetezedwa, ndipo setilaiti ikatha ntchito mwini wake amaikapo ina pomwepo, moti umwini umene pangano linakana umabwerera mwakachetechete. Mu 1976 mayiko asanu ndi atatu a pa equator, kuphatikizapo Kenya, Uganda, Indonesia ndi Colombia, analengeza ku Bogotá kuti gawo la mpita limene lili pamwamba pawo ndi chuma chawo. Mayiko ena anakana, ndipo ankanena zoona, pakuti kupezeka pansi pa mpitawu ndi mwayi chabe. Koma kulemera msanga n'kufika poyamba nawonso ndi mwayi.

John Locke, amene anaphunzitsa kuti munthu amakhala mwini wa chinthu chifukwa cha ntchito imene waikapo, anawonjezera kuti izi n'zololeka pokhapokha ngati ena atsaliridwa chokwanira ndi chabwino mofanana, monga mmene woswa mphanje amalimira popanda kumaliza thengo la mudzi wonse. Mumpita wodzaza lamuloli silikwaniritsidwa. Mu 1988 bungwe lija linasungira dziko lililonse malo ake, zimene zinali zoyenera, ngakhale kuti malo olembedwa papepala sathandiza dziko losowa ndalama zoulutsira setilaiti. Mipita ya m'munsi, mmene muli masetilaiti zikwizikwi a Starlink, ikudzaza tsopano popanda dongosolo lotere losungira obwera mochedwa.