Obadwira Pakati pa Ulendo

Nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuŵa lathu, Proxima Centauri, ili patali kotero kuti kuŵala kwake kumatenga zaka zoposa 4 kuti kufike kuno. Chombo cha Voyager 1, chimene chidaulutsidwa mu 1977, chimathamanga makilomita 17 pa sekondi imodzi, komabe pa liŵiro limenelo mtunda wotere chingautsirize patapita zaka zoposa 70,000. Nchifukwa chake olemba nthano za sayansi adaganiza za chombo cha mibadwo: chombo chachikulu ngati mzinda, chokhala ndi minda ndi madzi ake, m'mene anthu amabadwa, kukwatirana ndi kumwalira ulendo uli m'kati. Onyamuka sadzafika, ndipo odzafika sadaone konyamukira. Pakati pao pali mibadwo imene sidasankhe ulendowo ndipo sidzalaŵa zipatso zake.

Nthano zimenezi nzopeka, koma funso limene zikutifunsa si lopeka ai. Kodi munthu amamangidwa ndi lonjezo limene adachita makolo ake iye asanabadwe? Nanga akalikana, timutche wopanduka kapena wofuna chilungamo?

Tiyambe ndi Robert Heinlein, amene mu 1941 adalemba nkhani ziŵiri zimene pambuyo pake zidasanduka buku la Orphans of the Sky. M'chombo cha Vanguard mudabuka chipoloŵe kalekale, ndipo odziŵa kuyendetsa chombo adaphedwa. Patapita mibadwo, otsala adaiŵala kuti ali pa ulendo. Kwa iwo chombo ndiye chilengedwe chonse, ndipo mabuku a sayansi adayamba kuŵaŵerenga ngati mafanizo achipembedzo. Alimi ankakhala m'zipinda zam'munsi, anthu opunduka ndi zidzukulu za opanduka ankabisala m'zipinda zam'mwamba, ndipo ankasakana ngati nyama. Mnyamata Hugh Hoyland ataona nyenyezi ndi maso ake nabwerera kukauza anzake, akuluakulu adamumanga. Apa tikuphunzira kuti gulu likaiŵala kumene likupita, malamulo ake amasanduka chipolopolo, ndipo wonena zoona ndiye amaoneka mdani.

Rivers Solomon, m'buku la An Unkindness of Ghosts la mu 2017, akutisonyeza chilonda china. M'chombo cha Matilda anthu akuda amakhala m'zipinda zapansi zozizira, nkumalima chakudya cha onse alonda ali pambuyo, monga m'minda ya akapolo ya kumwera kwa America. Am'mwamba amadya nakhuta, namalalika za dziko lolonjezedwa. Pano cholinga cha ulendo sichidaiŵalike, koma chidasanduka chikoti. Wosauka amauzidwa kuti apirire chifukwa cha maŵa, pamene womuuzayo akudyerera lero.

Buku la Aurora, limene Kim Stanley Robinson adatulutsa mu 2015, nlovuta koposa chifukwa mulibe mfumu yankhanza. Anthu pafupifupi 2,000 akufika ku nyenyezi ya Tau Ceti, napeza kuti malo amene ankayembekeza kukhalapo ali ndi kachilombo kakupha. Ena akuti tikhale, makolo athu asakhale atavutikira chabe. Ena akuti tibwerere ku dziko lapansi, ana athu asafere maloto a anthu akufa. Mbali zonse ziŵiri zili ndi mfundo, komabe magazi akukhetsedwa, mpaka kompyuta yoyendetsa chombo ikutseka zitseko kuti iŵalekanitse. Ndi pamene akumva chinsinsi chimene chidabisidwa: ponyamuka zombo zidali ziŵiri, koma chinacho chidaonongeka pa nthaŵi ya mikangano yotere.

Tsono tiweruze bwanji? Choyamba, sitingathe kunena kuti chimene sitidasankhe sichitimanga. Palibe mmodzi mwa ife adasankha makolo, chilankhulo kapena dziko lake, komabe mwana amene adayamwa nakula ali ndi mangaŵa kwa omulera. Wobadwira m'chombo amapuma mpweya umene ena adausamala iye asanabadwe. Akaleka kusamala, olangika si makolo onyamuka aja, amene adafa kale, koma khanda la mnansi wake. Udindo wake weniweni uli kwa amoyo ndi kwa odzabadwa.

Chachiŵiri, mfundo yomweyi imamanganso olamula. Thomas Aquinas woyera, amene adamwalira mu 1274, adaphunzitsa kuti ulamuliro ulipo chifukwa cha ubwino wa onse. Wolamula akautembenuza kuti upindulire iye yekha, kumutsutsa sikuli kuukira, ndipo woyambitsa chisokonezo weniweni ndi iyeyo. Ndi muyeso umenewu, opanduka oyamba m'chombo cha Matilda ndi am'mwamba, pakuti ndiwo adaphwanya pangano loti ulendo ngwa onse. Amene akanizidwa chakudya, ulemu ndi mau pa bwalo sangafunsidwe kukhulupirika ngati kuti palibe chachitika.

Chachitatu, mphunzitsi yemweyo adachenjeza kuti kugwetsa wankhanza nkosaloledwa ngati anthu adzavutika ndi chipoloŵecho koposa m'mene ankavutikira ndi nkhanzazo. M'chombo chenjezo limeneli nloopsa. Khoma limene likutchinga wolemera ku imfa ya kunja ndi lomwe likutchinga wosauka. Sungatenthe nkhokwe ya mdani wako popanda kupuma utsi wake. Opanduka a m'chombo cha Vanguard adapha amene ankadana nawo, koma pamodzi nawo adapha nzeru zoyendetsera chombo, ndipo zidzukulu zao zidalandira mdima. Mkwiyo ungakhale wolungama, koma kulungama kwa mkwiyo sikuyeretsa njira iliyonse.

Tikaziika pamodzi nthano zitatuzi, tikuona kuti kupanduka sikugwa ngati mphezi. Kumamera pamene zoona zabisidwa, pamene katundu wasenzedwa ndi mbali imodzi, ndi pamene ana saloledwa kufunsa za pangano la makolo. Paja akulu adati mutu umodzi susenza denga. Mbadwo uliwonse uyenera kuuzidwa mbiri yonse, zokoma ndi zoŵaŵa zomwe, kenaka nkupatsidwa mpata wovomera ulendowo ndi pakamwa pake. Lonjezo lolandira kwa makolo limakhala lamoyo pokhapokha ana akalitenga kukhala lao.

Izi zikutikhudza m'nyumba mwathu momwe. Ife makolo ndi atsogoleri timakonzera ana ulendo umene sitidzaona mathero ake: munda umene tidzaŵasiyire, ngongole zimene tikutenga, udani umene tikuŵaphunzitsa pa moto madzulo. Tisanadandaule kuti achinyamata samvera, tidzifunse ngati tidaŵauza zoona, ngati tidagaŵa katundu mwachilungamo, ndiponso ngati tidaŵamvera. Ndipo inu achinyamata, musanagumule khoma limene lakupanikizani, yambani mwafunsa kuti kuseri kwake kukugona yani.