BAWUTI IKAKANA KUMASUKA



Aliyense amene amasintha yekha oyilo wa galimoto pakhomo amaidziwa bawuti ya pansi pa injini, ija timamasula kuti oyilo wakale atuluke. Ndi kachitsulo kochepa, pa Toyota zambiri mutu wake ndi 14mm basi, koma ikakana, ntchito ya theka la ola imadya Loweruka lonse.

Pa holide ndimathandiza amalume kusintha oyilo, ndipo iwo amakonda kunena kuti bawuti imeneyi sikana yokha. Kawirikawiri amene anaimanga komaliza anaimangitsa. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri imafuna mphamvu ya 30 mpaka 40 Nm, koma munthu poopa kuti idontha amaikoka mpaka kutuluka thukuta.

Ndiye ukaipeza chonchi mtima umati, ingoikapo mphamvu. Apa ndi pamene zimaonongekera. Sipanala yotsegula kukamwa imaterereka, ngodya za mutu zimadyeka, bawuti n'kukhala yobulungira, osagwirikanso. Komanso poti uli chagada pansi pa galimoto, n'kosavuta kusokoneza mbali, ukumanga koma ukuganiza kuti ukumasula. Mathiredi a sampu akatha, wadzigulira ntchito ina ya ndalama zambiri.

Njira yake ndi iyi. Liza injini mphindi zochepa kuti ifunde, uzimitse. Galimoto ikhale pa masitandi, osadalira jeki yokha. Pukuta dothi, thira mafuta omasulira dzimbiri, udikire kaye. Tenga soketi ya ngodya 6 yokwana ndendende, gogoda pang'ono ndi hamala kuti ikhale bwino, uike chogwirira chachitali. Nena Bismillah, kenako koka pang'onopang'ono, mosemphana ndi mmene wotchi imayendera. Umangomva kuti "tha!", yamasuka.

Abale anga, bawuti imeneyi imandikumbutsa anzathu ena ku koleji kuno. Tinakulira nawo ku madrasa, Juz Amma ali nayo pamtima, koma lero ngakhale pa Jumu'ah sitikuwaona. Timafulumira kunena kuti auma mtima. Koma kodi tinafunsapo kuti anawamangitsa ndani? Wina ayah iliyonse imene ankalakwitsa inkabwera ndi chikwapu. Mlongo wina anamuchititsa manyazi pa gulu la WhatsApp chifukwa cha kavalidwe, pamaso pa anthu onse. Ndiye ife tikubwera ndi mphamvu inanso, kumukalipira, kumuweruza. Mapeto ake sayankha foni, akationa akhota njira. Ngodya zadyeka, nasiha ilibenso pogwira.

Taonani Surat Twaha, ayah 44. Allah (Subhanahu wa Ta'ala) potumiza Musa ndi Haruna (alayhimas salaam) kwa Firiauni anawalamula kuti akamulankhule mofewa. Firiauni, munthu amene ankadzitcha mulungu! Nanga m'bale wako amene wangofooka pa Swala? Mu Surat Aal Imran, ayah 159, Allah akumuuza Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) kuti akadakhala waukali ndi wouma mtima anthu akadamuthawa. Ndipo Bukhari ndi Muslim onse analemba za munthu wa kuchipululu amene anakodza mu mzikiti. Maswahaba anadzambatuka, koma Mtumiki anawaletsa, nalamula kuti pamalopo pathiridwe madzi, kenako anamuphunzitsa mwaulemu ntchito ya mzikiti.

Musandimve molakwa, kufatsa si kungosiya. Palibe amene amati poti bawuti yakana, oyilo wakudayo akhale momwemo. Injini ingafe. Swala ndi faradhi, ndipo m'bale wathu ayenera kukumbutsidwa. Nkhani ndi ya kagwiridwe. Yamba wafunditsa ubale: mpatse salaam, mufunse za mayeso, idyani limodzi. Dikira nthawi yabwino, pawiri, osati pagulu. Sankha mawu omukwana iyeyo, pakuti soketi imodzi sikwana bawuti zonse. Ndipo usatope, zina zimamasuka patapita miyezi.

Kwa ife amene timathandiza kuphunzitsa ana ku madrasa, palinso phunziro lina. Pobwezera bawuti timaika washa yatsopano, timayamba kuizungulitsa ndi zala, kenako kumanga pa mlingo wake. Yolefuka idontha, yomangitsa idzavutitsa wobwera pambuyo. Ana amenewa ndi amana. Tiwagwire molimba koma mwa mlingo, kuti akadzakula asamadzamve mantha akangomva dzina la madrasa.

Sabata ino aliyense aganizire mnzake mmodzi amene watalikira mzikiti. Muimbire foni, osati kukamuweruza, kungomufunsa kuti ali bwanji. Ndipo umuike mu dua yako.

Allah afewetse mitima yathu ndi ya abale athu, atipatse sabr ndi nzeru polankhula, ndipo asatichititse kukhala chifukwa choti wina athawe Deen. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.