Ngongole Imene Ndalama Sizingathe Kulipira

Pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, munthu akapitirira Chongwe afika ku Chinyunyu, m'boma la Rufunsa. Ndi dziko la Asoli, la Mfumu Bunda Bunda, ndipo apaulendo alidziwa cifukwa ca kasupe wa madzi otentha amene atumphuka pafupi ndi mseu. M'midzi ya kumeneko, monganso m'midzi yambiri ya m'Zambia ndi m'Malawi, mukhala okalamba amene ana ao anapita ku mzinda kukafuna nchito. Ambiri a ana amenewa saiwala makolo ao iai. Mwezi ukatha atumiza ndalama pa foni, ndipo mdzukulu athamanga kukazitapa pa kanyumba ka Airtel kapena MTN. Tsono funso ndi ili: kodi mwana wocita cotero mokhulupirika, koma osaponda kwao zaka zitatu kapena zinai, wakwaniritsa lamulo la Mulungu la kulemekeza makolo?

Poyamba kuyenera kubvomereza kuti ndalamazo si cinthu copeputsa. Mai wokalamba wa ku Chinyunyu adzuka tambala atangolira, asesa pabwalo, atsegulira nkhuku, natuma mdzukulu kukatunga madzi. M'dzinja agwira khasu ngakhale msana ukukana. Asowa feteleza, mcere, sopo, ndalama ya ku cigayo, ndi ya ulendo wa ku cipatala ku Chongwe kapena ku Mpanshya. Boma lomwe linaona umphawi umenewu, ndipo m'caka ca 2003 linayamba ku Kalomo kupatsa mabanja osowa kandalama kowathandiza, nchito imene pambuyo pake inafalikira m'maboma ena. Cotero mwana wodzitama kuti akonda amake, pamene denga la nyumba yao lidontha ndipo iye satumiza kanthu, adzinyenga yekha. Ambuye Yesu anadzudzula Afarisi pa mlandu wotere, pakuti analola munthu kumana makolo ake cuma pongonena kuti waciperekeratu kwa Mulungu.

Komatu wokalamba si mimba yokha yofuna kudyetsedwa. Iye ali nako kanthu kamene afuna kupereka asanamwalire, ndiko zimene akumbukira. Mai amene anabadwa m'caka ca 1940 anabadwa Lusaka atakhala likulu la dziko zaka zisanu zokha. Anaona mseu uja uli wafumbi, malole akukwawa kunka ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Anaona amuna a m'mudzi akucoka kupita ku migodi ya Broken Hill ndi ya mkuwa, ena ku Southern Rhodesia, kukafuna ndalama ya msonkho. Anali kale ndi ana pamene dziko linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, ndipo mu 1968 anaphunzira kuwerenga makwaca ndi mangwee m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. Anadya nsima ya cimanga cacikasu pa cilala ca 1992. Pambuyo pake matenda a Edzi anamlanda ana ena, iye nayambanso kulera makanda tsitsi lili ndi imvi.

Zina za izi zipezeka m'mabuku a ku sukulu. Koma palibe buku limene linalemba dzina la mlamu amene anatsegula nkhokwe yake caka ca njala, kapena cifukwa cimene banja linasamukira kutsidya kwa mtsinje, kapena pamene pagona mwana woyamba uja amene anamwalira asanayambe kuyenda. Zimenezi zikhala m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo tsiku la maliro ake ziikidwa naye pamodzi.

Wina anganene kuti izi ndi nthano cabe za kumoto. Si tero iai. Asoli awerenga cibale potsata kwa amai, ndipo wokalamba ndiye adziwa amene ayenera kulowa dzina la womwalira, ndi mnyamata ndi mtsikana amene sayenera kukwatirana popeza ali a mimba imodzi. Kunena za minda, malo ambiri a kumudzi ali m'manja mwa mafumu ndipo alibe pepala. Malire ake ndi culu, mtengo wa mkuyu, kapena kamtsinje kouma m'cilimwe. Lamulo la malo la 1995 lilola kuti malo otere asandutsidwe a pepala, a lendi ya zaka zofika 99, mfumu ndi khonsolo zikabvomera. Ndipo anthu a ndalama a ku Lusaka ayang'ana ndi diso lakuthwa malo a m'mbali mwa mseu. Mkangano ukabuka, mfumu ya mudzi iitana akulu amene anaona munda ukugawidwa. Mwana amene sanayendepo m'malire pamodzi ndi amake adzaima pabwalo wopanda mau, cinkana ali ndi makalata a maphunziro. Za cikhulupiriro ziteronso. Mtumwi Paulo anakumbutsa Timoteo kuti cikhulupiriro cake cinayamba mwa ambuya ake Loisi. Mdzukulu womva m'kamwa mwa ambuya ake momwe Mulungu anasungira banja m'zaka za njala ndi za maliro, alandira ciphunzitso cimene mlaliki wacilendo sangathe kumpatsa.

Bvuto lake ndi lakuti cuma cimeneci sicilowa m'foni. Kulankhulana kwa pa foni n'kwacidule. Mwana afunsa kuti, "Amai, mwalandira?" Amai ayankha kuti, "Ndalandira mwanangu, Mulungu akudalitse." Basi, nkhani yatha. Zakale sizituluka motero. Zituluka pang'onopang'ono, anthu ali kuswa mtedza pamphasa, kapena madzulo pamoto atatha kudya, wina akafunsa cifukwa cimene mdzukulu anapatsidwa dzina lakutilakuti. Kasupe wa ku Chinyunyu aphunzitsa cinthu pamenepa. Madzi ake ndi madzi amene analowa pansi kutali m'ming'alu ya miyala, natenthedwa ndi moto wa m'kati mwa dziko, nakweranso. Munthu angathe kuwatunga m'botolo ndi kupita nao ku Lusaka, koma akafika adzapeza atazizira. Wofuna kumva kutentha kwake ayenera kuima pa kasupe pomwepo. Ndipo pali cinanso comvetsa cisoni: adzukulu okulira mu mzinda alankhula Cinyanja ndi Cingerezi, pamene ambuya akafika pa nkhani za mumtima abwerera ku Cisoli. Akapanda kukhalira pamodzi, tsiku lidzafika lakuti adzafuna womasulira pakati pa ambuya ndi mdzukulu.

Mwana wa ku mzinda naye ali ndi yankho lake, ndipo liyenera kumvedwa. Lendi ya nyumba ku Mtendere kapena ku Chawama siyembekeza, mwini nchito salola kujomba, ndipo ndalama ya basi ikadagula thumba la ufa. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe womuuza kuti asiye nchito nakhale kumudzi. Koma pali cinthu cozizwitsa. Uthenga wa maliro ukafika, tsiku lomwelo ndalama ya basi ipezeka, ya bokosi ipezeka, mwini nchito nalola. Ulendo umene unakanika zaka zinai ucitika usiku umodzi, pamene pakamwa pamene pakadalankhula patsekeka. Mau a akulu akoma akagonera, koma akomera yekhayo amene anawamva. Mwambo wa anthu a Mfumu Bunda Bunda uli ndi dzina lakuti Chibwela Kumushi, ndiko kunena kuti kubwerera kumudzi. Dzinalo lokha ndi ulaliki wokwanira kwa ana a dzikolo. Ambuye Yesu ali pamtanda sanasiyire amake thumba la ndalama. Anawapatsa munthu, wophunzira amene anamkonda, ndipo iyeyo anawatengera kunyumba kwake.

Wokalamba nayenso ali ndi udindo pa nkhani imeneyi. Si zonse zokumbukiridwa zimene ziyenera kusiyidwa ngati colowa. M'mutu momwe musungidwa maina a makolo musungidwanso mkwiyo wa mbuzi imene inabedwa kale lomwe, ndi mphekesera za ufiti zimene zinagawa mabanja. Ambuya amene adzaza makutu a adzukulu ndi zotere awasiyira nkhondo imene sanaiyambe. Mkristu wokalamba ayenera kupeta zakale monga apetera mphale m'licero, anene zoona ngakhale pamene iye mwini analakwa, ndipo anenenso pamene panacitika cikhululukiro. Acinyamata nao aleke kunena wokalamba kuti ndi mfiti cifukwa waiwala njira ya kwao kapena alankhula yekha. Ameneyo ndi wodwala matenda a ukalamba, ndipo afuna womgwira dzanja. Kumene ana onse anamwalira, mpingo ndiwo ulowa m'malo mwao, ndipo amai a mumpingo akapita kukasesa ndi kutunga madzi acita bwino kukhala pansi ndi kumvetsera asanabwerere.

Cotero yankho la funso lija ndi ili: mwana wotumiza ndalama walipira gawo limodzi la ngongole yake, ndipo ayenera kuyamikidwa. Gawo linalo lilipidwa ndi miyendo ndi makutu. Mwini buku lino la masiku acita mwanzeru akasankhiratu, caka cisanapite patali, masiku amene adzapita kwao popanda maliro, ndi sabata la kupuma kwa sukulu limene ana ake adzagona kwa ambuya ao. Atenge kabuku ndi pensulo, alembe maina a makolo monga anenedwa, ayende m'malire a munda, ndipo aonetsedwe manda a banja. Masiku a okalamba ali owerengeka, ndipo caka ca mawa ena mwa iwo sadzapezeka pabwalo.