Chibale Sichiola, Mlandunso Suola

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Woweruza amene sasocheretsedwa ndi mboni yabodza. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa banja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, lero tilingalire funso limene limatifikira kawirikawiri m'mphepete mwa nyanja yathuyi. Chilimira cha munthu chadulidwa usiku, ndipo amene tamuona akudula ndi mwana wa mlongo wathu. Mmawa mfumu yatiitana kubwalo. Kodi tinene zimene taona, kapena tibise magazi athu? Makolo adatisiyira miyambi iwiri: chibale ndi fupa, sichiola, komanso mlandu suola. Pamene miyambi iwiriyi yakumana pakamwa pa mboni imodzi, tigwire uti?

Akatswiri a Chisilamu adalemba mabuku osimba za oweruza ndi milandu yawo, monga Akhbar al-Qudat la Waki', amene adamwalira m'chaka cha 918. Mwa oweruza otchuka m'mabuku otere muli Shurayh, kadhi wa mzinda wa Kufa. Amasimba kuti Ali (Allah asangalale naye), ali Khalifa, adapeza chovala chake chachitsulo cha kunkhondo chili ndi munthu amene sadali Msilamu. Sadamulande ndi mphamvu ya ufumu, koma adapita naye kwa kadhi. Shurayh adapempha mboni, Ali nabwera ndi mwana wake Hasan. Kadhi adakana umboni wa mwana woikira bambo wake kumbuyo, ndipo Khalifa adagonja pamlanduwo. Munthu uja ataona zimenezi adavomera kuti chovalacho nchake cha Ali, nalowa Chisilamu.

Taonani nzeru imene ili pamenepa. Shurayh sadamuyese Hasan wabodza. Lamulo lidangozindikira kuti mtima wa munthu umapendekera kwa ake, monga bwato limapendekera mbali imene kwachuluka katundu. Nchifukwa chake ophunzira ambiri a fiqh salandira umboni wa mwana wokomera kholo, koma amalandira umboni wake wotsutsa kholo, pakuti woutula wapambana chilakolako cha mtima wake. Ndipo m'Sura ya An-Nisa, ndime 135, Allah akutilamula kuimirira chilungamo ngakhale chitatipweteka ife eni, makolo athu kapena abale athu.

Dziko lathu la Mozambique laona mlandu wofanana ndi phunziroli. M'zaka za 2013 ndi 2014 makampani atatu, EMATUM, ProIndicus ndi MAM, adakongola madola pafupifupi 2 biliyoni, boma nkukhala chikole, mtundu osauzidwa zonse. Zina mwa ndalamazo zidagula ngalawa zophera nsomba, zimene zidachita dzimbiri padoko la Maputo. Ife asodzi tikudziwa kuwawa kwa ngalawa yogulidwa ndi ngongole koma yosapha nsomba. Mlandu udayamba mu Ogasiti 2021 m'tenti pandende ya ku Machava, pamaso pa woweruza Efigénio Baptista. Mu Disembala 2022 anthu 11 adapezeka olakwa, ndipo mmodzi wa iwo adali mwana wa mtsogoleri wakale wa dziko, amene adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 12. Ambiri a ife tidamvera pawailesi, tikufuna kuona ngati lamulo lingafike m'nyumba za akuluakulu.

Tsono tidzifunse moona mtima. Tingafune bwanji kuti lamulo lifike panyumba ya wamkulu ku Maputo, pamene ife ku Metangula, ku Meluluca ndi ku Cobué tikulitsekera khomo likafika panyumba yathu? Amene amabisa mbale wake pa chilimira chimodzi akadabisanso mbale wake pa mabiliyoni. Chasiyana ndi kukula kwa chuma chokha.

Wina adzati: ndikanena zoona, banja lindida, ndipo ndadula chibale chimene Allah adalamula kuchilumikiza. Mantha amenewa ngoona, sitikuwapeputsa. Koma Mtumiki adatiphunzitsa kuti mbale wopondereza timamuthandiza pomuletsa kupondereza. Tikamubisa lero, mlandu wake sunathe. Tangousunthira ku tsiku la Qiyama, kumene malipiro sadzakhala ndalama kapena ukonde, koma ntchito zake zabwino. Ndipo mwini chilimira, amene ana ake agona ndi njala, nayenso ndi mbale wa wina.

Choncho njira ndi iyi. Tiyambe tapita kwa mbale wathuyo mseri, timulimbikitse kuvomera ndi kubweza yekha. Akakana ndipo taitanidwa kubwalo, tinene zimene maso athu adaona, osaonjezera chifukwa cha mkwiyo, osachepetsa chifukwa cha chisoni. Chigamulo chikaperekedwa, tisamutaye: timuthandize kulipira, tidye naye, timuyendere. Potero miyambi yonse iwiri yasungika.

Tikupempha Allah atipatse malilime oona ndi mitima yolimba, awongole oweruza athu ndi mafumu athu, ndipo atikhululukire pamene tidakhala chete tikudziwa zoona. Ameen.