Wosochera Akafuna Mbusa Woti Alankhule Naye

Ambiri mwa abale ndi alongo amene sitiwaonanso m'kalasi la Sukulu ya Sabata sanachoke chifukwa cha ndeu kapena chiphunzitso chachilendo. Anatsetsereka pang'onopang'ono. Wophunzira wa pa yunivesite ya ku Chirunga anakumana ndi mafunso amene sanawamvepo kwawo; msilikali wa ku Cobbe Barracks anagwira ntchito Sabata limodzi, kenaka lachiwiri; mayi wa malonda pa msika wa Zomba anaona kuti Loweruka ndilo tsiku la ndalama. Zifanana ndi nkhungu ya pa phiri la Zomba m'miyezi ya chiperoni: munthu ayenda pakati pa mitengo ya paini nayesa kuti akutsikira ku damu la Mulunguzi, osadziwa kuti njira anaisiya kalekale. Tsiku lina mtima uyamba kulakalaka kubwerera, ndipo pabuka funso: kodi ndikalankhule ndi yani?

Werengani Machitidwe 9:1-19 ndi 1 Timoteo 2:5.

Ife tiphunzitsa kuti Mkhalapakati ndi mmodzi yekha, ndi kuti palibe munthu wokhala ndi mphamvu ya kuchotsa machimo a mnzake. Tsono wina angati: ngati zili choncho, mbusa ndi wa chiyani? Bwanji osangogwada m'chipinda? Agwade ndithu. Koma taonani Saulo. Yesu mwini analankhula naye pa njira ya ku Damasiko, komabe anakhala masiku 3 wosaona, wosadya, wosamwa, kufikira anadza Hananiya. Ambuye akanatha kumtsegula maso popanda wina aliyense, koma anatuma munthu, munthunso wamantha, amene anayamba wakumbutsa Ambuye zoipa za Saulo. Kumwamba kunali kutamlandira kale. Chimene Saulo anasowa ndicho dzanja la munthu pa iye ndi mawu omutcha mbale. Wotayika m'chikhulupiriro angathe kuvomereza m'mutu kuti Mulungu akhululuka, koma kuti abale ake adzamlandira sangakhulupirire asanaone nkhope ya mmodzi wa iwo.

Zomba si mzinda wosowa atsogoleri a mipingo. A CCAP akhala akuphunzitsa abusa awo kuno kuyambira 1977, Akatolika ali ndi seminale yaikulu ya St Peter's, a Anglican ali ndi sukulu ya Leonard Kamungu. Athu aphunzira ku Lakeview m'boma la Ntcheu, ndipo kawirikawiri mbusa mmodzi ayang'anira mipingo ingapo, kotero kuti masabata ambiri amene aima pa gome ndi mkulu wa mpingo. Choncho zimachitika kuti mbale wathu ayamba watsegula mtima wake kwa mbusa wa mpingo wina, kapena kwa wathu wa kutali amene samdziwa. Kodi walakwa? Ife tiyesa kuti iyayi. Nikodemo anadza usiku, ndipo sitiwerenga kuti Yesu anamdzudzula chifukwa cha ora limene anafikira (Yohane 3:1-21). Komabe amene chikumbumtima chake chivutika pa za Sabata adzafunika, pambuyo pake, munthu wodziwa kulemera kwa tsikulo. Ndipo mbusa wachilendo sangambwezere ubale umene unaduka pa mpingo wa kwawo.

Funso lotikhudza ife ndi ili: nanga chifukwa ninji mbaleyo analambalala pakhomo pa mbusa wake? Kawirikawiri ndi mantha, ndipo manthawo ali ndi maziko. Mwa dongosolo lathu, mbusa yemweyo ndiye atsogolera komiti ya mpingo, imene ipereka ku msonkhano wa mpingo nkhani za chilango. Chidzudzulo chingakhale cha mwezi 1 kufikira miyezi 12, ndipo dzina lingachotsedwe m'buku. Wosocherayo adziwa zonsezi. Adziwanso kuti chichokereni likulu kupita ku Lilongwe mu 1975, Zomba ndi mzinda wa anthu odziwana. Mawu otuluka ku Matawale m'mawa afika ku Chinamwali dzuwa lisanapendeke. Akagogoda pakhomo la abusa sadziwa ngati atsegule ndi mbusa kapena woweruza.

Apa tiyenera kusiyanitsa zinthu mosamala. Kukayika si mlandu. Yohane Mbatizi ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesu ndiyedi woyembekezekayo, ndipo Yesu anamyankha ndi ntchito zake, namtamanda pamaso pa makamu (Mateyu 11:2-11). Munthu amene anena kuti sapempheranso, kapena kuti sadziwa ngati Mulungu amamva, wasonyeza bala lake, nkhani yotere siyenera kutuluka m'chipindamo, ngakhale kupita ku msonkhano wa mapemphero movekedwa dzina loti "timpempherere mbale wathu." Zilipo zina zimene mbusa sangazikhalire chete, monga pamene mwana akuzunzidwa kapena moyo wa munthu uli pa ngozi. Mbusa woona anena malire amenewa poyamba, munthuyo asanakhuthule zake, osati pambuyo.

Sikuti wodzozedwa aliyense adziwa kumva. Eli anaona milomo ya Hana ikugwedezeka namyesa woledzera (1 Samueli 1:12-17). Chom'tamira nchoti Hana atayankha, wansembeyo anamvetsera nasintha mawu ake. Amene wakumana ndi Eli wosamvetsera asati mpingo wonse wamkana. Afune wina, kaya mkulu wa mpingo, kaya mbusa wopuma, kaya wa chigawo choyandikana.

Pa khomo la tchalitchi ulaliki utangotha si malo a nkhani zotere, pakuti abusa akupereka moni kwa mpingo wonse. Ndi bwino kupempha nthawi pakati pa mlungu. Mlongo angapemphe kuti amayi busa kapena dikonesi wamkulu akhalepo. Ndipo si mwano kuyamba ndi funso lakuti, "Abusa, zimene ndinene pano zifika kwa yani?"

Kambiranani m'kalasi: m'buku lathu la mayina muli anthu amene sitinawaone chaka chino. Wina wa iwo atafunsa funso limeneli kwa inu, mungamuyankhe chiyani moona?