Kodi Wotsiriza Amasambiriranji?

Ndinaphunzira kusambira mumtsinje wa Likuni, kumunsi kwa madimba a kwathu. Anzanga akuluakulu anandikankhira pakuya n'kuima pamtunda kumaonerera. Ndinamwa madzi, ndinapalasa ngati galu, mpaka ndinagwira bango. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadziwerengera m'gulu la odziwa kusambira, ndipo panalibe wonditsutsa kufikira pamene mwana wa mlongo wanga anandiitana kukaonerera mpikisano wa osambira a dziko lonse mumzinda wa Lilongwe.

Mnyamatayu anali m'timu ya anyamata anayi a pakoleji ina: iye wa ku Likuni, wina wa ku Mitundu, wina wa ku Nathenje, ndi wachinayi wokulira kunyanja ku Nkhotakota. Onsewa madzi anawadziwira m'mitsinje, m'madambo ndi m'nyanja. Dziwe lomanga ndi simenti analilowa atamera kale ndevu, ndipo lomwe ankakonzekeramo linali lobwereka, kawiri pa sabata. Ambiri mwa opikisana nawo anali ochokera m'sukulu zokhala ndi maiwe awoawo, ana amene analowa m'madzi asanadziwe n'kulemba komwe dzina lawo.

Ndinawatsata masiku awiri, ndipo ndinaona pomwe ankagonjera. Pakati pa dziwe anyamata athu ankalimba ndithu, makamaka wa kunyanja uja. Tsoka linali pakhoma. Anzawo akafika kumapeto ankagudubuka m'madzi momwemo, n'kuponda khoma ndi mapazi onse awiri, n'kubwerera ngati muvi. Athuwa ankayamba agwira khoma ndi dzanja, n'kudzutsa mutu, n'kupuma, kenako n'kutembenuka. Mtsinje ulibe khoma, nanga akanaphunzirira kuti?

Mpikisano wotsiriza unali wolandizana. Timu imakhala ya anthu anayi, aliyense amasambira mamita 100, ndipo lamulo lake ndi lakuti wotsatira asachotse mapazi podumphira mnzake asanakhudze khoma. Mwana wa mlongo wanga anali wachitatu. Iye akadali m'madzi, timu yotsogola inamaliza onse anayi, ndipo m'manja munaombedwa. Patapita kanthawi matimu enanso anamaliza kapena kuyandikira kutero. Iye manja anali atalemera, akumenya madzi mopanda dongosolo, pamene wa ku Nathenje anali chiimire podumphira, akudikira.

Bambo wina amene ndinakhala naye pafupi anang'ung'udza: "Angotuluka awa, mpikisano watha kale. Akusambiriranjinso?"

Mawuwa anandipweteka, koma sindinawayankhe, chifukwa funsolo linali loona. Ngati cholinga cha mpikisano ndi kupeza wopambana, ndipo wopambanayo wapezeka, wotsalayo akuvutikiranji? Funsoli silithera padziwe pokha. Limamufunsa mlimi amene mvula yamudukira chimanga chili m'mawondo, limamufunsanso mayi amene akubwereza mayeso a Fomu 4 ana ake ali kusekondale.

Yankho loyamba limene linandibwerera linali lodzitonthoza. Ndinati mumtima: mpikisanowu ndi wokondera. Wotchi imayamba kuwerenga wenzulo ikalira, pamene mpikisano weniweni unayamba zaka khumi ndi zisanu m'mbuyomo, tsiku limene mwana wina anapatsidwa dziwe ndi mphunzitsi, mnzake n'kupatsidwa mtsinje wa matope ndi likodzo. Zimenezi n'zoona, ndipo wopambana aliyense ayenera kuzikumbukira asanadzigugude pachifuwa. Koma nditaganiza mofatsa ndinaona kuti yankholi ndi loperewera. Poyamba, limawalanda opambana aja thukuta lawo. Nawonso amadzuka mbandakucha m'nyengo yozizira ya mu June kukalowa m'madzi anzawo ali m'bulangete. Dziwe silimusambirira munthu. Kachiwiri, ngati mpikisano ndi wokondera, ndiye kuti bambo uja akunena zoona: tulukani, musadzivute. Kudandaula za kukondera kumafotokoza chifukwa chimene munthu watsalira, koma sikumupatsa chifukwa chomalizira.

Yankho lachiwiri ndi lija timauza ana, lakuti chachikulu n'kutenga nawo mbali. Ilinso sindilikhulupirira kwenikweni. Anyamatawa sanapite kukasamba, anapita kukapikisana, ndipo kugonja kunawawawa. Kumuuza munthu wogonja kuti kupambana kulibe ntchito ndi kumunyoza mwaulemu.

Yankho lenileni anandipatsa ndi mwini wake, tili m'minibasi kubwerera ku Likuni madzulo. Ndinamufunsa ngati anamva m'manja muja, ndi chimene chinamuletsa kugwira chingwe n'kupuma.

"Ndinamva, atsibweni, ndipo ndinadziwa kuti zatha," anatero. "Koma ndikanaima, mnzanga uja sakanalowa m'madzi. Bambo ake anapalasa njinga kuchokera ku Nathenje kudzamuona akusambira. Khoma lija linali lake, ine ndimangomupititsira."

Ndinakhala chete mpaka tinadutsa pa Chinsapo. Ine ndinkafunafuna chimene wotsiriza amapindula, pamene mnyamatayu ankaona ngongole imene wotsiriza ali nayo. Mendulo inali itapita, koma mwayi wa mnzake unali udakali m'manja mwake. Munthu ukakhala wekha ukhoza kuwerengera phindu ndi kutaya, n'kusiya pamene waona kuti sizikulipira. Koma pakakhala wina amene sangayambe iwe usanafike, kusiya kwako kumakhala kumulanda.

Ndikayang'ana mbiri ya masewerawa ndimaona kuti ngakhale osambira okha nthawi zambiri amakhala ali pa mpikisano wolandizana osadziwa. Pa masewera a Olimpiki a mu 2000 ku Sydney, Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea anasambira mamita 100 yekhayekha, anzake awiri atachotsedwa chifukwa chodumpha nthawi isanakwane. Iye anakonzekera m'dziwe laling'ono la pahotela, ndipo chakumapeto ankaoneka ngati amira. Anamaliza pa mphindi imodzi ndi masekondi 52.72, kuposa kawiri nthawi ya wopambana. Ambiri anaseka. Koma mu 2012 munthu yemweyo anakhala mphunzitsi wa timu ya osambira ya dziko lake. Kwathu kuno, Yona Walesi anaimira Malawi ku Athens mu 2004 pa mamita 50 ndipo anathera mu ndime yoyamba. Pambuyo pake panabwera Charlton Nyirenda mu 2008 ndi 2012, Brave Lifa mu 2016, ndi Filipe Gomes ku Tokyo ndi ku Paris. Palibe mwa iwo anabwera ndi mendulo, koma aliyense anakhudza khoma, ndipo wotsatira anapeza podumphira.

Sindikunena kuti kupirira kwa wotsiriza kumafafaniza kukondera kuja. Ngongole ili mbali zonse ziwiri. Ngati mnyamata wotopa angamalize mamita ake chifukwa cha mnzake, ife okhala pamtunda tilibe chifukwa chopindira manja. Pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5 a mu December 2022, boma linamanga dziwe lalikulu ku Kamuzu Institute for Sports mu Lilongwe. Kuchokera ku Likuni kufika pamenepo ndi ulendo wa minibasi ziwiri basi. Mtunda wotsalawo, wochokera pamtsinje kufika pakhoma loyamba, ndi gawo lathu makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a masewera, ndipo mwana amene lero akupalasa ngati galu mumtsinje wa Nathenje akudikira kuti tifike.

Wa ku Nathenje uja anasambira mamita ake 100 dziwe lonse lili lake. Panalibe womuthamangitsa kapena woti amuthamangire, koma sanachite ulesi. Pofika pakhoma la pakati anayesa kugudubuka monga anaonera anzake, ndipo phazi limodzi lokha ndi limene linaponda. Chakumbuyo kwanga mkulu wina wovala jekete lothimbirira, buluku atalimanga ndi mphira m'miyendo, anaimirira n'kuvula chipewa. Ndinadziwa kuti ndiwo a njinga aja. Bambo wong'ung'udza uja anali atatuluka kale.